Tabwerako ku Sun City, nkhani ya hotelo ija yatha bwino

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditafunsa za hotelo yoti tikagone ndi ana athu atatu ku Sun City, malo achisangalalo a ku South Africa. Mtima unali pawiri pakati pa Cabanas ndi The Palace of the Lost City, yomwe mayi a kunyumba anaigomera atangoona zithunzi.

Ambiri munati Cabanas, ndipo tinakumverani. Sitinalakwitse. Ana analibe nazo ntchito za kukongola kwa chipinda. Kukangocha ankafuna kuthamangira ku Valley of Waves, malo osambirirako okhala ndi mafunde ochita kupanga, komwe ogona m'mahotelo a pamalopo amalowa ulere. Mabasi oyenda mkatimo nawonso salipiritsa, moti galimoto inangokhala mpaka tsiku lobwerera ku Johannesburg, ulendo wa maola awiri ndi theka. Ndalama zomwe zinatsala tinakaonera njovu ku Pilanesberg, malo osungirako nyama zakutchire a pafupi pomwepo. Palace ija tinangoiyang'anira patali, mayi nawo n'kuseka okha.

Kwa amene mukufuna kupita: bukitsani msanga ngati ndi tchuthi cha Disembala, ndipo m'nyengo yozizira yambani mwafunsa, chifukwa Valley of Waves amaitseka kwa kanthawi kuti aikonze. Komanso chenjerani ndi apusi. Ife tinasiya chitseko chapakhonde chosatseka, buledi wathu yense anapita.