Ndani akukumbukira matimu a mpira a Bata Bullets (Maule) ndi Limbe Leaf Wanderers (Manoma)?

WaNdirande: Abale, ine ndine wa Maule chibadwire, koma ndimawasowa Manoma a nthawi ya Jack Chamangwana. Bambo anga ankandinyamula paphewa pa Kamuzu Stadium kuti ndione Kinnah Phiri wa Maule akulimbana ndi Jack. Tikapambana, tinkabwerera wapansi mpaka kunyumba tikuimba. Nanga inu, timu imene inkakusowetsani tulo inali iti?

NyerereWakale: Achimwene, Kinnah ameneyo ankatiliza ife! Kumudzi tinkangomvera pa wailesi ya MBC, mabatire titawayanika padzuwa kuyambira m'mawa.

MayiWaKuZomba: Musaiwale Admarc Tigers ndi MDC United, ankavutitsa akuluakulu onsewo. MDC itatha, malume anga sanapondenso kusitediyamu.

WaNdirande: Zoonadi mayi, MDC ija tinkaiopa.