Mulu wa masese ndi utuchi ukununkha, sukutentha

Funso: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikupanga kompositi ndi masese a ku fakitale ya mowa ndi utuchi wa macheka, mawilibala atatu a masese pa imodzi ya utuchi. Patha sabata, mulu ukununkha ngati mazira oola, m'kati ndi mozizira. Ndalakwitsa pati?

Yankho loyamba: Masese achuluka, achimwene. Amachoka ku fakitale ali ndi madzi pafupifupi 80 peresenti, ndipo akaunjikana amamatana ngati phala, mpweya osalowa. Mabakiteriya otenthetsa mulu amafuna mpweya. Ukasowa, amene amakula ndi aja osaufuna, eni ake a fungolo. Phwasulani mulu, musakanize wilibala imodzi ya masese ndi awiri a utuchi wouma, kuti kaboni wa mu utuchi ndi naitirojeni ya m'masese, zomwe ndi chakudya cha mabakiteriyawo, zikhale pa mlingo woyenera. Tapani dzanja limodzi mufinye: patuluke dontho limodzi kapena awiri. Madzi akachucha m'zala, onjezani utuchi. Mulu ukhale wotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Waung'ono susunga kutentha.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezereko za tizilombo. Masiku awiri kapena atatu oyamba, amene amadya shuga ndi mabakiteriya okonda kufunda. Kutentha kukadutsa madigiri 45, ntchito imatsala kwa opirira moto, ambiri a mtundu wa Bacillus. Sungani pakati pa 55 ndi 65, pamene njere za udzu ndi tizilombo ta matenda zimafa. Kukapyola 70 tembenuzani msanga, chifukwa othandizawo nawonso amafa. Mukaona zotuwa ngati phulusa m'kati, musadandaule: ndi mabakiteriya otchedwa actinomycetes, amene amabweretsa kafungo ka dothi lonyowa. Utuchi umagonja mochedwa, kwa tizilombo ta gulu la bowa mulu ukayamba kuzizira, choncho werengerani miyezi itatu kapena inayi. Za mankhwala ogula ofulumizitsa kuola, ine sindiona chifukwa. Mafosholo angapo a kompositi yakupsa amakwana.

Yankho lachitatu: Musathire phulusa kapena laimu pofuna kupha fungo, naitirojeni imathawira m'mwamba ngati mpweya wa amoniya. Funsaninso ku macheka ngati matabwa ake anali othira mankhwala a chiswe. Mankhwala ena amakhala ndi poizoni wotchedwa aseniki, amene saola, amakathera m'munda. Musanathire m'dimba, fesani njere 20 za mpiru m'kompositiyo ndi zina 20 m'dothi wamba. Za m'kompositi zikamera zochepa kapena zachikasu, sinapse.