Kamakina kodulira fodya wa kaliwo, ndigule kapena ndikutaya ndalama?

Bambo a Tadala (Mponela): Akuluakulu muli bwanji nonse. Mlamu wanga ali ku Joni wandipezera kamakina kopukusa ndi dzanja kodulira fodya, umalowetsa tsamba uku likutulukira uko litaduka timizeremizere. Akuti R900 kuphatikiza yotumizira pa basi mpaka Lilongwe. Chaka chino ndasiyako fodya wa chikopa (wakuda uja woumitsa ndi utsi) pang'ono ndi wa bale, osati wogulitsa ayi, wanga woika mkaliwo ndi madala madzulo. Ndigule?

aPhiri a ku Chinkhoma: Musanayankhidwe tiuzeni kaye, fodyayo mwamutsitsa liti mchigafa?

Bambo a Tadala: Wa season yomweyi bwana, wauma bwinobwino mtundu wake wokongola zedi

aPhiri a ku Chinkhoma: Nde vuto lanu si kudula ayi. Fodya wongotsika kumene mchigafa ngakhale mumudule ndi makina a golide akukandani pakhosi basi, amanunkha kafungo kaja kolasa mphuno ka amoniya. Kuuma ndi kwina kukhwima ndi kwina. Ife timazolowera zoti tsamba likauma tisankhe, timange, tidinde pa jeke, ulendo ku okushoni, koma kampani ikagula imakamusunganso nthawi yaitali asanafike kwa wosuta, gawo limenelo ndi lomwe alimi sitimaliona. Wanuyo mumangeni timitolo, muike mkatoni pamalo posatentha posanyowa, muzimutembenuza apo ndi apo, chaka chithe. Ndalama ya makinayo sungani kaye.

Mwale Jnr: aPhiri mwayankha funso lomwe sanafunse kkkk. Chaka chikatha adzadulabe ndithu, adzadula ndi mano? Ine ndikuti gulani akulu, mpeni umatopetsa komanso sudula mofanana, kwina zonenepa kwina zopyapyala nde mkaliwo moto umangozima zima machesi bokosi lonse kutha

Gogo Mbewe: Iwe mwana, makolo ako ankasuta kaliwo makina ako asanabwere. Umachotsa msempha wapakati uja, masamba uwawaze timadzi pang'ono afewe, uwasanjike, ukulunge molimba, ndiye mpeni wakuthwa pathabwa. Ena ankapota ngati chingwe nkumadulako pang'ono pang'ono tsiku lomwe akufuna. Fodya wopota uja amakomera mkati momwemo.

Mwale Jnr: Pepani gogo sindikutsutsa, koma manja anu ndi athu ndi osiyana, inu munayamba kale

Achimwene a ku Leeds: Ndiloweko. Chinthu choyamba mufunse mlamu wanu kuti makinawo amadula mulifupi bwanji. Ambiri otchipa aja anapangidwira ndudu, amadula pafupifupi 0.8mm, tosalala kwambiri. Fodya woteroyo mkaliwo amayaka msanga, kaliwo amatentha mpaka kulephera kumugwira, lilime limapsa. Wa kaliwo amafunika wonenepako, 1.5mm kapena 2mm kupita mtsogolo. Ngati ndi ya 0.8 musavutike nayo.
Chachiwiri, ndipo ichi chimandiwawa, kuno ku England kuli kampani yakale ku tauni ya Kendal, Gawith Hoggarth, fodya wawo wina wakuda wa kaliwo amaikamo chikopa cha ku Malawi konko. Ndipo si wodulidwa mwa ndudu, amamupanikiza kukhala chibuma cholimba kenako nkumadula tizidutswa topyapyala. Tsamba lathu lomwe, kachitini kakang'ono ka 50g mtengo wake mutaumva mukhoza kukhala pansi

Bambo a Tadala: Eeh zoona? Nde kupanikizako amachita bwanji, ifenso tingathe?

aPhiri a ku Chinkhoma: Mesa jeke muli nayo kale kapena ya neba? Khomani kabokosi kakang'ono ka matabwa olimba, masamba ochotsa msempha ofewa bwino muwasanjike mkatimo, thabwa pamwamba, nde mupanikize ngakhale ndi jeke ya galimoto imatheka. Pakapita masabata angapo mupeza wada, wagwirana, fungo lasintha. Koma chinyezi musamale, akangonyowa kwambiri achita nkhungu yoyera ija ndipo ameneyo ndi wotaya, osayerekeza kusuta. Tsamba lizipindika osathyoka koma lisamanyowetse dzanja, muyeso wake ndi umenewo

Achimwene a ku Leeds: aPhiri akunena zoona. Ku America ku Louisiana kuli fodya wotchedwa Perique, amamupanga choncho, mmigolo ya matabwa nkumapanikiza ndi majeke pafupifupi chaka, amakhwimira mmadzi ake omwe. Enanso kuno safuna kudikira chaka, amapanga kabokosi kotenthetsa pafupifupi 50°C kachinyezi, masabata 4 mpaka 6 fodya wakhwima. Koma zimenezo zimafuna magetsi osazima usana ndi usiku

Mwale Jnr: kkkkk magetsi osazima, achimwene mwakhalitsa kunja

Nachisale: Abambo inu mukukambirana ngati nkhani ya chimanga. Kaliwo ndi fodya ndithu, khansa ya mkamwa ndi pakhosi siyifunsa kuti unalima wekha kapena wagula. Dziko lathu lomwe linalowa nawo mgwirizano wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, wochepetsa kusuta uja mu 2023. R900 imeneyo Tadala alibe zofuna kusukulu?

Gogo Mbewe: Mayi mwanena, ndipo palibe angakutsutseni. Ine chomwe ndimaletsa kwanga nkusutira mnyumba muli ana, ndiponso ana kuthyola fodya wamame, amadwala nazo mutu ndi kusanza.

Bambo a Tadala: Zamveka mayi, a kunyumba amandiuzanso zomwezo tsiku ndi tsiku

Mwale Jnr: Komabe ine pa makina sindikusintha. Mukagula mutha kumadulira anzanu nkumalipiritsa pang'ono, ibweza yokha ndalama

aPhiri a ku Chinkhoma: Anzake ati? Osuta kaliwo pa Mponela ponse mungawawerenge, achinyamata onse ndi ndudu kapena chingambwe. Komanso chikopa chili ndi utomoni, nanga mukathirako uchi kapena manyuchi pa bale uja kuti afatse, timano ta makinato timamata nkutsekeka, muzingokhalira kutsuka ndi kabulashi. Tikabuntha kapena kuthyoka sipeya mukaipeza kuti, mutumizenso ku Joni? Mpeni ukabuntha mwala uli pakhomo

Achimwene a ku Leeds: Makina amathandiza munthu wodula makilo ambiri nthawi imodzi. Kaliwo mmodzi amadya magalamu awiri kapena atatu basi, wa sabata yonse mumadula ndi mpeni madzi a tiyi asanawire. Chomwe ndingagule ine ndi mabotolo agalasi otseka bwino osungira wodula kale, kuti asaume komanso tizilombo tija toboola masamba tisalowe

Bambo a Tadala: Ndamufunsa mlamu pa WhatsApp, akuti pabokosi alemba 0.8mm, ya 2mm akuti aifunsa kwa mwini shopu Loweruka koma mtengo ukhala wina

Mwale Jnr: Ikapezeka ya 2mm gulani, theka ndiika ine tizibwerekana

aPhiri a ku Chinkhoma: Theka lakolo ukagule misomali ndi matabwa ubwere nazo kuno, kabokosi ndikukhomerani ndine. Bambo a Tadala jeke ya galimoto muli nayo kapena ndibwereke kwa a minibasi?