Thandizeni abale: heuchera ingapirire kutentha kwa ku Salima kuno?

Wofunsa, Senga Bay:

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso kwa inu odziwa za maluwa, makamaka amene munafesapo njere zing'onozing'ono kwambiri. Ine ndimakhala ku Senga Bay, ndili ndi kanazale kanga kuseri kwa nyumba, pansi pa mitengo ya mango. Ndimachulukitsa maluwa a m'miphika n'kumagulitsa kwa eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno. Ambiri mwa maluwa anga ndi odula nthambi n'kubzala, za njere sindinazizolowere kwenikweni.

Mwana wa achemwali anga amagwira ntchito ku Manchester, ndiye pobwera ku tchuthi wanditengera kapaketi ka njere za heuchera, mtundu wa Palace Purple. Kwa amene simunalionepo, duwa limeneli anthu amalibzalira masamba ake, ofiirira kwambiri mpaka kuderako. Silitalika, limangotambalala mumphika, timaluwa take toyera n'kumatuluka pa timapesi tatitali. Ndakhala ndikulisirira pa zithunzi kwa nthawi yaitali, ndipo mtima wanga uli pomwepo.

Nditatsegula paketi ndapeza kuti njere zake n'zosagwirika ndi zala. Papaketi alemba kuti zisakwiriridwe ndi dothi chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere. Nanga pothirira sizikokoloka? Kwina ndawerenganso kuti ziyambe zakhala mu fuliji masabata 4 mpaka 6 zisanafesedwe. Kuno magetsi amazimazima, kodi fuliji yotereyi ingathandize? Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi dzuwa la Okutobala. Oidziwa Salima mukudziwa kuti nthawi imeneyo ngakhale pakati pa usiku thukuta limakhala lili kamukamu. Panopa tili mu Epulo. Ndifese tsopano, ndidikire Juni, kapena ndingoiwalako? Ndiuzeni chilungamo chonde, paketi ndi imodzi yokhayi.

Mayi wa nazale, Dedza:

Amayi, musataye mtima. Ine ndinafesapo heuchera kuno ndipo inamera. Tengani kabeseni kosazama, mukabowole pansi, muikemo dothi losefa bwino losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo mulinyowetse kaye. Njerezo muzisakanize ndi kamchenga kosalala pang'ono chabe kuti zimwazike mofanana, muwaze pamwamba n'kutsendera mopepuka ndi chikhatho. Basi, osakwirira. Kuthirira kwake n'kochokera pansi: mumakhazika kabeseniko m'beseni lina lokhala ndi madzi, dothi limadzikokera lokha, pamwamba pakanyowa mumakachotsamo. Muphimbe ndi pulasitiki yoonekera mkati, koma tsiku lililonse muzivundukula kwa kanthawi kuti mpweya ulowe. Kakhale powala koma posafika dzuwa.

Zimamera bwino kukakhala madigiri 18 mpaka 21, ndiye za kufesa mu Epulo kwanuko ayi, kukadali kofunda. Komanso sizimerera limodzi. Zina zimatuluka pa masabata 2 kapena 3, zina zimatha miyezi 2 zili chete, ndipo apa m'pamene ambiri amakhuthula dothi poganiza kuti zakanika.

Za fuliji musadandaule nazo kwambiri. Magetsi akazima maola ochepa palibe choopsa, bola chitseko chisamatsegulidwe pafupipafupi. Ikani njere m'kajumbo pamodzi ndi kamchenga konyowa pang'ono, mukaike m'munsi moika ndiwo zamasamba muja, osati moundana madzi. Ndikanakhala ine ndikanagawa pawiri: theka mu fuliji lero, theka n'kusunga pouma, zonse n'kudzafesa kumayambiriro kwa Juni. Paja nthawi zambiri zimamera ndithu ngakhale osaziika mu fuliji.

Bambo wa ku Khombedza:

Ine ndinakulira pa fodya kwathu ku Dowa, ndipo mukufotokozazi ndikungoona njere za fodya zenizeni. Ife tinkazithira m'keni ya madzi, kutakasa bwino, n'kuthirira pa bedi, kenako kuphimba ndi udzu. Tisanafese tinkayamba tawotcha mapesi pa bedipo kuti tiphe tizilombo ndi njere za udzu. Kodi amayiwa sangachite chimodzimodzi?

Mayi wa nazale, Dedza:

Bambo, za kuwotchazo mwakumbutsa chinthu chachikulu. Mbande zazing'ono chonchi zimatha ndi matenda aja owoletsa patsinde, mumangodzuka m'mawa zonse zagona. Popeza ndi kabeseni kamodzi, amayi angothira madzi owira m'dothimo, lizizire, kenako afese. Koma keni ndi udzu ayi. Njere za paketi imodzi n'zochepa, keni ingangozimwaza, ndipo udzu utseka kuwala.

Mphunzitsi wa zaulimi, Nkhotakota:

Amayi, mwapempha chilungamo, ndiye ndikupatsani. Kumeretsa mumeretsa, mwera wa Juni ndi Julayi ukuthandizani. Nkhondo ili kutsogolo. Kwawo kwa heuchera ndi ku North America, m'nkhalango ndi m'malo a matanthwe, kumene chaka chilichonse kumakhala nyengo yozizira ndithu. Anzathu a ku Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene ife a kunyanja tili pa mamita pafupifupi 500. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumafika madigiri 35 masana, ndipo usiku sikuzizira mokwanira kuti chomera chipumeko. Chikapulumuka pamenepo chimakumana ndi mvula ya Januwale. Kutentha kukaphatikana ndi chinyezi, phata limawola. Heuchera imafa msanga ndi madzi okhazikika pamizu kusiyana ndi ludzu, choncho musamaichitire chifundo cha kuthirira m'mawa ndi madzulo.

Mwayi wanu uli pa mtundu umene akutengeraniwo. Palace Purple inasankhidwa ku Kew Gardens, munda waukulu wa zomera wa ku London, ndipo akatswiri ambiri amaiika m'gulu la Heuchera villosa, lochokera kum'mwera chakum'mawa kwa United States, kumene nyengo yotentha imakhalanso yachinyezi. Gulu limeneli limapirirako kuposa ena. Chinanso muchidziwiretu: zomera kuchokera ku njere sizituluka zofanana zonse, zina zidzakhala zobiriwira, zina zotuwira. Mudzasankhe zofiirira kwambiri zokhazokha, ndipo zikadzakula muzidzachulukitsa pogawa phata, pakuti njira imeneyi ndiyo imasunga mtundu wa masamba osasintha. Koma ngati n'za bizinesi, ine ndingati limbikirani coleus, duwa lina lobzalira masamba ake amawangamawanga.

Mtsikana wa ku Chipoka:

Aphunzitsi anena zoona, coleus kuno ali kwawo, ndipo wofiirira aliponso. Ine ndimadula nsonga ya masentimita 10, kuchotsa masamba a m'munsi, n'kuika m'botolo la madzi. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mizu yatuluka. Akayamba kutulutsa maluwa ndimatsina nsonga kuti achite nthambi zambiri. Za dothi la heuchera wanuyo mayi, inu muli pafupi ndi Lifuwu, pitani ku chigayo cha mpunga mukatenge mankhusu. Muwawotche mpaka ade koma asafike pa phulusa, musakanize ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino, madzi sakhazikikamo. Miphika ikhale yadothi, ya pulasitiki yakuda ija imaphika mizu.

Wofunsa, Senga Bay:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Mwana wanga wa ku Chipoka, coleus ndili naye wambiri, ndi croton yemwe, ndi amene amandidyetsa. Heuchera uyu sindikumufunira ndalama, ndikungofuna kumuona ali pakhonde panga. Aphunzitsi, mwandiopsa koma ndamva. Theka la njere lalowa kale mu fuliji. Funso lina: madzi a pamjigo wathu ali ndi kamchere, nditunge a kunyanja?

Amayi a ku Dedza, ndili ndi pempho, mukhululuke ngati ndapitirira malire. Zikamera, kodi mungandisungireko mbande zingapo kwanuko kuyambira Seputembala mpaka mvula itatha? Cholinga n'choti za kuno zikafa, mtundu usathe. Mukadzagawa phata, theka lidzakhala lanu.

Mayi wa nazale, Dedza:

Palibe kupitirira malire amayi, malo alipo, zibwere. Ndilembereni uthenga kumbali tigwirizane. Madzi tungani a kunyanja, amchere amawotcha mbande, koma pamene zikadali zazing'ono muziwiritsa n'kuwasiya azizire. Zikakhala ndi masamba enieni 3 kapena 4 muziwokere m'machubu, ndipo phata likhale lofanana ndi pamwamba pa dothi, mukalimiza liwola. Pobwera mudzadzere msewu wa Golomoti m'mamawa kusanatenthe, machubu ali m'katoni yobowola, ndipo mu minibasi musalole kuti aike pafupi ndi injini. Zotsala kwanuko muziike mbali ya kum'mawa kwa khonde kuti zizingolawa dzuwa la m'mawa, ndipo mvula ikayamba zikhale pansi pa denga, muzithirira nokha dothi likauma pamwamba.