Mng'ono wanga wajambula katuni ya obisa shuga, afufute?

Nabanda_Ndirande:
Abale ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga amajambula, ndiye sabata yatha wapanga katuni ya bwana wa shopu, chimimba ngati ng'oma, wakhalira mabelo a shuga kuseri koma pakhomo walemba kuti shuga watha. Dzina sanalembe koma atangoiyika pa Facebook anthu a ku Limbe akuti munthuyo amuzindikira, pano mayi akuti afufute asatiitanire mavuto. Ine zikundiwawa chifukwa shuga atasowa mu 2024 ndinazungulira Limbe yense ndi mwana kumbuyo, pena kundiuza kuti ndigule kaye sopo ndi mafuta ndipamene andipatse paketi imodzi. Ndiye mwana wanama pati?

Achimwene_a_Chilomoni:
Asafufute mayi. Zimenezi sizachilendo kwathu kuno, agogo athu mwamuna womana ankamuimba pamtondo mudzi wonse nkumva, ngakhale ku gule wamkulu zilipo zilombo zimene ntchito yake nkunyoza khalidwe loipa kuti anthu aone nkuleka. Munthu wadyera samva kulira kwa wosauka koma kusekedwa kumamulasa, olo wosadziwa kuwerenga akaona chimimbacho wamva kale nkhani yonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mphunzitsi_Zingwangwa:
Ine ndikusiyana nanu pang'ono achimwene. Nthawi ya Cashgate mu 2013 makatuni anali mbwee mu Nation ndi Daily Times, tinaseka, koma amene anagwetsa anthu ku khothi ndi mapepala a umboni osati zojambula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ena anakweza mitengo pa katundu amene anagula kalekale, tinadandaula pa WhatsApp basi. Chemwali, zokukakamizani kugula sopo zija kanenezeni ku CFTC (bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda), za masikelo obera ndi a Malawi Bureau of Standards, katuni payokha sitseka shopu.

Mai_Tadala:
Nkhani ili pa nkhopepo. Ngati akumuzindikira munthuyo ndipo umboni mulibe atha kukusumirani zoipitsa mbiri. Asinthe nkhope ndi penti ya shopuyo, mimba ndi mabelo zikhale, obisa katundu simmodzi. Komanso mumuuze atijambulireko mavenda aja ogula chimanga kumudzi ndi ndowa yofutukula kenako kudzatigulitsa ndi yomenya pansi, amenewo andiliza kokwana.

Nabanda_Ndirande:
Zikomo nonse. Wavomera kusintha nkhope, ya ndowayo akuti ayiyamba usiku uno magetsi akapanda kuzima. Aphunzitsi, ku CFTC amafuna lisiti kapena kungofotokoza nkokwanira?