Ndithandizeni nzeru pa inshulansi ya kuchipatala

Moni nonse abale ndi alongo. Ine ndathedwa nzeru. Ndimalipira inshulansi ya anthu anayi: ineyo, akazi anga, mwana wathu ndi amayi, omwe amadwala shuga ndi BP. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya pamwezi ikungokwerakwera, komabe tikafika kuchipatala amati tiwonjezere ya m'thumba.

Ndinatsikira pa sikimu yotchipa, mankhwala ena a amayi anasiya kulipiridwa. Kuchipatala cha boma kuno ku Lilongwe anangotilembera kuti tikagule ku famase. Kuofesi ya inshulansi ndapitako kawiri, yankho palibe, ndipo zikundipweteka mtima.

Kodi alipo amene anachotsa ena onse n'kusiya kholo lokha pa sikimu? Zinatheka? Nanga madandaulo a mitengoyi timakatula kuti, kuti boma lilowererepo?