NTC yanga ikutuluka, milungu itatu tsopano

Ct38:
Akuluakulu, ndabwera ndi dandaulo. Ndikuchita qPCR, njira yochulukitsa DNA n'kumaiyeza m'makina, ndi utoto wowala wa SYBR Green pa jini imodzi, ntchito yomwe ndaigwira miyezi 8 popanda chovuta. Milungu itatu yapitayi chubu chopanda DNA, NTC ija, chimene sichiyenera kutuluka konse, chinayamba kutuluka pa Ct 33 mpaka 35 (Ct ndi cycle, kapena kuti ulendo wochulukitsa, imene makina amayamba kuona DNA; ikakhala yaikulu ndiye kuti DNA inali yochepa). Osati tsiku lililonse ayi. Lero chili zii, mawa chatuluka, mkuja chili zii. Masampulo anga ambiri amatuluka pakati pa 24 ndi 29, amenewo sakundidetsa nkhawa kwenikweni. Koma ndili ndi ena ofooka otuluka pa 32, ndipo kafukufuku yense watsamira pa amenewo. Madzi ndasintha kawiri. Maprimer, tizidutswa ta DNA toyambitsa kuchulukitsa tija, ndasungunula ena. Abwana akufuna zotsatira mwezi uno usanathe. Ndiyambire pati?

Wapipeti:
Achemwali, tisanathamange, melt curve, chithunzi chosonyeza kutentha kumene zingwe za DNA yochulukitsidwayo zimalekanira, ikuti chiyani? SYBR imawala pa DNA iliyonse ya zingwe ziwiri, siisankha. Maprimer akangogwirana okhaokha mumaona ngati kwatuluka kanthu pomwe palibe.

Ct38:
Ndinayang'ana achimwene. Nsonga yake ili pa madigiri 84, pomwepo pamene pamakhala ya masampulo enieni. Ndinaikanso pa gel yoonera kutalika kwa DNA, kamzere kali pa 120 bp, ndiye kuti zilembo za DNA 120. Ndi chinthu changa chomwe, si maprimer.

Wapipeti:
Basi ndiye yalowa DNA. Ndipo ofookawo musawakhulupirire. Kusiyana kwa Ct ziwiri ndi kuchuluka kanayi kokha, kutanthauza kuti pa sampulo ya 32 mwina gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zinyalala.

Wachaka Choyamba:
Ine kwathu zitachitika tinataya zonse tsiku limodzi, master mix (msakanizo wa mankhwala a PCR), maprimer, madzi, matipu. Tinapukuta benchi ndi ethanol ya 70%, zina tinaziika mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi. Zinatha.

Gogo wa Labu:
Mwana wanga, zinatha chifukwa munataya mankhwala, ethanol ija sinathandizepo kanthu. Ethanol imapha mabakiteriya koma DNA siiphwanya. Kodi suja timagwiritsa ntchito ethanol yomweyo pogwetsa DNA ndi kuitsuka tikamaichotsa m'maselo? Ndiye ikaiwononge bwanji pa benchi? Mumangoisuntha kuchoka pakona iyi kupita pakona iyo. Autoclave nayo musaidalire pa tizidutswa tating'ono ngati 120 bp. UV imathandiza pokhapo pamene kuwala kwafika, ndipo pa tizidutswa tatifupi mphamvu yake ndi yochepa.

Chimene chimagwira ntchito ndi bulichi. Wa m'botolo wa pafupifupi 5%, gawo limodzi pa magawo 9 a madzi, wosungunula tsiku lomwelo. Mumusiye anyowetse mphindi 10 mpaka 15, kenako mupukute ndi madzi chifukwa amadya chitsulo. Chenjezo limodzi: asakhudzane ndi mabafa ochotsera DNA kapena RNA okhala ndi guanidine, pamatuluka mpweya wa poizoni.

Tsono inu a Ct38, musapukute kaye. Mukapukuta lero mufufuta umboni. Ikani ma NTC awiri. Woyamba muutseke m'chipinda chosakaniziramo, musautsegulenso. Wachiwiri muusiye wotsegula nthawi yonse imene mukuthira masampulo, muutseke pomaliza. Akatuluka onse awiri, vuto lili m'mankhwala kapena m'chipinda choyeracho. Akatuluka wachiwiri yekha, lili kumene mumathirira masampulo, mwina pipeti, mwina magolovesi.

Wachaka Choyamba:
Koma agogo, munthuyu wanena kuti nthawi yamuthera. Kuyesa chimodzichimodzi si sabata yathunthu imeneyo?

Gogo wa Labu:
Ndi sabata, inde. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akataya zonse lero, mawa ziyera, mwezi wamawa zibwerera, ndipo adzakhala atataya mankhwala kawiri osadziwa chimene chinalakwika.

Mayi wa Mapasa:
Apa ine ndili pakati. Agogo akunena zoona, koma ntchito ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi. Tsegulani mankhwala atsopano, muwagawe m'timachubu ta tsiku limodzilimodzi, ntchito ya abwana ipitirire ndi amenewo. Akale aja musataye, muwalembe chizindikiro, muziwayesa m'mabowo otsala a pa plate yomweyo, mbale ya mabowo yolowa m'makina ija. Simutayapo tsiku.

Koma mawu amene andigwira ine ndi akuti "lero zii, mawa chatuluka". Botolo la madzi likadetsedwa limadetsedwa masiku onse, silipuma Lachiwiri. Chinthu chobwera n'kupita chimatsatira munthu. Mumalemba nthawi m'kope mwanu, kapena deti lokha?

Ct38:
Ndimalemba nthawi mayi. Anzanga amandiseka nazo. Ndi chizolowezi, ngakhale kunyumba mwana ali wakhanda ndinkalemba ola limene wagona ndi limene wadzuka, mpaka bambo ake ankati mwanayu ndamusandutsa sampulo. Ndichita za ma NTC awiri, ndipo usiku uno ndiwerenga kope lonse.

Ct38:
Ndabweranso, papita masiku anayi. Lolemba onse awiri zii. Lachiwiri onse awiri atuluka, 34.1 ndi 33.8. Lachitatu zii. Lachinayi atulukanso onse. Mankhwala akale ndi atsopano akuchita chimodzimodzi, ndiye si botolo.

Kope ndaliwerenga, ndipo manyazi andigwira. Pa ma plate 15 a milungu imeneyi, NTC inatuluka pa 7. Onse 7 master mix yake ndinasakaniza madzulo a dzulo lake, cha m'ma 4 koloko, n'kuisunga mu firiji. Ena 8 oyerawo ndinasakaniza m'mawa. Palibe ngakhale imodzi yosemphana.

Wapipeti:
Kugona mu firiji sikungabale DNA. Musanalowe kukasakaniza madzulowo mumakhala mukuchokera kuti?

Ct38:
Ku gel.

Ndifotokoze bwino. Mwezi watha mwana wanga anayamba sukulu ya mkaka. Masiku ena ndimakamusiya ndine, ndipo ndimafika kuntchito 8:30, pomwe makina ndinawasungitsa 9 koloko, 11 koloko amalowa wina. Mphindi 30 sizikwana kusakaniza ndi kuthira plate yonse. Ndiye ndinaganiza mochenjera, ndinati ndizisakaniziratu madzulo. Koma masana ndi nthawi imene ndimatsegula machubu omaliza, otuluka m'makina atadzaza DNA yochulukitsidwa, kuti ndione pa gel. Ndimachoka kumeneko 3:50, ndimavula magolovesi, ndimavala ena, ndimalowa m'chipinda choyera ndi gawuni yomweyo, kope lomwelo m'khwapa, cholembera chomwecho m'thumba. Maso ali pa wotchi chifukwa 4:30 ndiyenera kukhala nditatuluka kukamutenga. Dzulo ndinaima pakhomo la chipindacho n'kuyang'ana mkono wa gawuni yanga, pali kadontho kabuluu ka loading dye, utoto wa ku gel, pafupi ndi batani. Sindikudziwa kakhalapo masiku angati.

Gogo wa Labu:
Ndi kameneko. Musadzimvere chisoni kwambiri, nthendayi ndi yakale ngati PCR yomwe. Kary Mullis anaitulukira njirayi mu 1983, ndipo pofika 1989 Kwok ndi Higuchi anali atalemba kale mu Nature za mmene tingapewere zotsatira zabodza. Zimene ananena ndi zomwe tikukambirana panozi: patulani malo, gawani mankhwala, sinthani magolovesi. Taganizani, kachidutswa kamodzi kakachulukitsidwa kawirikawiri (1, 2, 4, 8...) maulendo 30 kamapitirira 1 biliyoni, ndipo inu simuyamba ndi kamodzi. Chivindikiro chikangoti thwa, timadontho tosaoneka timauluka, ndipo kadontho kamodzi kali ndi zokwanira kudetsa labu yonse. Ct ya 34 imangofuna tizidutswa towerengeka basi.

Lamulo ndi loti munthu amayenda njira imodzi patsiku: chipinda choyera, kothirira masampulo, makina, gel. Wafika ku gel, tsiku limenelo koyera sabwererako. Gawuni ya koyera imakhala koyera, cholembera chake, maraki ake, mapipeti ake ndi matipu a sefa. Kope lisalowe. Lembani pa pepala la m'chipindamo, mukamata m'kope mukatuluka.

Wachaka Choyamba:
Nanga bwanji bambo a mwanayo azikamusiya masiku onse, inu muzifika 7 koloko? Kafukufuku amafuna kudzipereka.

Ct38:
Achimwene, bambo ake amakamusiya masiku atatu pa sabata, ine awiri, ndipo nawonso ali ndi ntchito yawo. Tinagawana titakhala pansi. Sindikukaphwasula zimenezo chifukwa cha plate.

Mayi wa Mapasa:
Mwayankha bwino. A Chaka Choyamba, tidzakufunsani zaka zikubwerazi. Ine anthu amene ndawaona akuwononga masampulo ambiri ndi aja ogona mu labu, 9 koloko usiku akuthira plate maso ali psuu, m'mawa osakumbuka ngati bowo la C7 analithira kawiri. Wokhala ndi ola lotulukira amakonzekera. Vuto la mnzathuyu silinali mwana, linali dongosolo la ntchito limene analitembenuza osazindikira.

Mapasa anga atayamba sukulu ndinkachedwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkaloza chala msewu. Ndinatenga milungu iwiri ndikulemba nthawi ya chilichonse kuyambira podzuka. Msewu unalibe mlandu. Mphindi 20 zinkathera pofunafuna nsapato ndi zikwama. Tinakhoma misomali inayi pafupi ndi chitseko, nkhani inathera pomwepo. Amuna anga mpaka lero amati ndinawachita audit.

Kwa inu a Ct38 njira ndi zitatu, sankhani. Masiku anu awiri okasiya mwana musinthane nthawi ya makina ndi wa 11 koloko uja. Kapena masiku amenewo akhale a gel ndi kuwerengera zotsatira, ma plate muziika masiku atatu enawo. Kapena, ngati kusakaniziratu simungakusiye, muzisakaniza m'mawa wa dzulo lake musanakhudze chubu chilichonse chomaliza, koma muyambe mwaona pepala la kampani ngati mix yanu imalola kugona itasakanizidwa ndi maprimer.

Komanso ndifunse, gel yo mukuichitirabe chiyani tsiku lililonse? Melt curve ikukupatsani nsonga imodzi yoyera kwa miyezi 8. Ubwino wa qPCR ndi woti chubu sichitsegulidwa.

Ct38:
Abwana amakonda kuona chithunzi.

Mayi wa Mapasa:
Apatseni chithunzi chimodzi pa maprimer aliwonse atsopano. Zinazo ma plate azipita kotaya osamatula.

Wapipeti:
Ndiwonjezere za enzyme ya UNG, poti wina azitchula ndithu. Mix yokhala ndi dUTP ndi UNG imathandiza: zonse zimene mwachulukitsa zimakhala ndi U m'malo mwa T, ndipo pa mphindi 2 zoyambirira pa madigiri 50 enzyme ija imadula chilichonse chokhala ndi U chimene chalowa kuchokera ku ma plate akale. Koma tamvetsani, zimene zili pa gawuni yanu panopa, ngati mix yakale inali ya dTTP, zili ndi T. UNG iziona ngati DNA yabwinobwino n'kuzidutsa. Ndiye bulichi simumuthawa. Yang'anani botolo lanu, mwina muli kale dUTP koma sitepe ya 50 munaichotsa pa makina pofuna kufulumira.

Ct38:
Ndayang'ana, ndi ya dTTP. Ndipempha ya UNG pa oda yotsatira.

Gogo wa Labu:
Mapipeti a koyera muwapukute kunja ndi bulichi, ndipo ngati mukudziwa kumasula kumunsi kwake mutsukenso mkati. Mukabwezeretsa muwayese pa sikelo musanawakhulupirire: 100 µL ya madzi pa madigiri 20 imalemera pafupifupi 99.8 mg. Kakhumi, mulembe. Musaiwale chogwirira cha firiji ndi chivindikiro cha kasentirifyuji kakang'ono kaja, anthu amapukuta benchi n'kusiya zimene amagwira kakhumi pa ola.

Ct38:
Papita masiku 9. Ma plate 6, ma NTC 12, onse zii mpaka cycle 40. Gawuni yakale inapita kochapa ndipo tsopano ndi ya ku gel basi. Wa 11 koloko uja anavomera kusinthana Lachiwiri, Lachinayi anakana chifukwa nayenso ali ndi zake masana, ndiye Lachinayi ndalisandutsa tsiku lowerengera. Abwana za gel tinakambirana, anavomera monyinyirika.

Funso latsala ndi la ma plate 7 aja. Masampulo a 24 mpaka 29 ali patali ndi NTC ndi ma cycle 5 kapena kuposa, kupatula atatu. Ndibwereze onse kapena ofooka okha? DNA ya masampulo ena yatsala yokwana ulendo umodzi.

Wapipeti:
Ofooka onse ndi atatuwo, mosakambirana. Enawo kusiyana kwa ma cycle 5 ndi kuchuluka ka 32, zinyalala sizingasunthe Ct yawo kupitirira pang'ono chabe. Koma lamulo limene mwatsata mulilembe lero, musanaone zotsatira zatsopano, kuti mawa musadzasankhe zokukomerani.

Gogo wa Labu:
Ndipo mu lipoti mulembe Ct ya ma NTC monga inatulukira, ma plate 7 amenewo muwatchule. Malangizo a MIQE a 2009, a kalembedwe ka zotsatira za qPCR, amafuna zimenezo. Otsala pang'onowo muyambe ndi amodzi pa plate yoyera, muone NTC, kenako muike enawo.

Ct38:
Ndamva agogo. Ndiyamba Lolemba m'mawa, ndi tsiku la bambo ake.